MPIKISANO WA AKATSWIRI ASANU NDI ATATU

M'mwezi wa Novembala, pamene ife kuno tiri kuyang'ana mitambo ndi kusankha mbeu zobzala, ku Ulaya kumakhala kutayamba cisanu. Masamba amakhala atayoyoka m'mitengo, dzuwa limalowa msanga, ndipo anthu safuna kukhalitsa panja. Pa nyengo imeneyi amuna asanu ndi atatu, amene aposa anzao onse pa masewera a tenisi m'caka cimeneco, amasonkhana m'nyumba imodzi yaikulu kuti aone amene ali ngwazi pakati pao. Dzina la mpikisano wao ndi ATP Finals. ATP ndilo bungwe la amuna osewera tenisi, limene linakhazikitsidwa m'caka ca 1972, ndipo liu lakuti Finals litanthauza masewera otsiriza. M'caka ca 2021 mpikisanowu unasamukira ku Turin, mzinda wa kumpoto kwa dziko la Italy, m'mphepete mwa mtsinje wa Po. Munthu ali m'mzindamo akakweza maso aona mapiri akulu a Alps.

Masewera ace

Tisanalowe m'nyumba ya mpikisano, tiyambe taona masewera eni ace. Tenisi amasewera anthu awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo, ndi ukonde pakati pao. Nthawi zina amasewera anai, awiri-awiri. Bwalo lace ndi la mapazi 78 m'litali, ndiwo mamita pafupi-fupi 24, ndi mapazi 27 m'mimba mwace. Akamasewera anai liwonjezeka kufika mapazi 36. Msinkhu wa ukonde pakati pa bwalo ndi mapazi atatu. Wosewera ali yense agwira raketi, ndico comenyera ca mutu wobulungira, colukidwa ndi zingwe zokunga kolimba. Mpira wace ndi waung'ono ngati lalanje, wopangidwa ndi mphira, wokutidwa ndi ubweya wacikasu. Cofunika ndi kubweza mpira pamwamba pa ukonde kuti ukagwe m'kati mwa mizere ya mnzako, usanadumphe kawiri kumbali kwako. Amene alephera kutero ataya pointi.

Kawerengedwe ka mapointi nkodabwitsa pang'ono. Pointi yoyamba amati 15, yaciwiri 30, yacitatu 40, ndipo yacinai ipatsa munthu gemu. Koma onse awiri akafika pa 40, mmodzi ayenera kupata mapointi awiri motsatana. Amene ayamba kufika magemu 6, atasiya mnzace ndi magemu awiri, watenga seti. Akafika pa 7 ndi 5 palibe bvuto, setiyo yatha. Koma akalingana pa 6 ndi 6 amasewera gemu imodzi yapadera yothetsa mkangano, ndipo seti ilembedwa 7-6. Pa mpikisano wa ku Turin amene atenga maseti awiri ndiye wapambana. Musunge bwino liu lakuti seti, pakuti kutsogoloku tidzaona kuti seti imodzi yokha ikhoza kutengera munthu kwao.

Amuna amene tiri kunena tenisi ndiyo nchito yao, monga kusoka kuli nchito ya telala. Amadya za mpira. Kale sizinali cotero. Kufikira caka ca 1968 munthu wolandira ndalama posewera anali kuletsedwa kulowa m'mipikisano inai yaikulu, ya ku Australia, ya ku Paris, ya ku Wimbledon ndi ya ku America. Rod Laver wa ku Australia anatenga zikho zonse zinai mu 1962, koma atayamba kulandira malipiro anamtsekera kunja zaka zisanu. Lamulo lija litacotsedwa anabwera nazitenganso zonse zinai mu 1969. Pamenepo anthu anaona kuti nkwabwino kukhala ndi mpikisano umodzi wotseka caka, wa akatswiri okha-okha. Woyamba unacitika ku Tokyo m'dziko la Japan mu Disembala 1970. Osewera anali asanu ndi mmodzi, ndipo anapambana Stan Smith wa ku America.

Ciyambire pamenepo mpikisanowu wayenda ngati mlendo wopanda mudzi. Unapita ku Paris, ku Barcelona, ku Boston, ku Melbourne, ku Stockholm ndi ku Houston, caka cimodzi-cimodzi. Unakhalitsa ku New York, kenaka ku Germany zaka khumi, nudzera ku Lisbon, ku Sydney ndi ku Shanghai, ndipo kuyambira 2009 kufikira 2020 unali ku London.

Bwalo lolimba

Mabwalo a tenisi ali a mitundu itatu, ndipo mpira ucita mosiyana pa mtundu uli wonse. Ku Wimbledon amasewera pa udzu wometa bwino, pamene mpira uterereka nudumpha pang'ono. Ku Paris amasewera pa dothi lofiira la njerwa zosinja. Apo mpira ucepa liwiro nudumpha kwambiri, ndipo wosewera akhoza kutsetsereka ndi mapazi pothamangira mpira. Mtundu wacitatu ndiwo bwalo lolimba. Mpikisano wathu unayamba wacitika pa udzu kamodzi, ku Melbourne mu 1974, ndipo zaka zambiri unacitika pa kapeti woyala pansi. Koma kuyambira 2006 ucitika pa bwalo lolimba caka ndi caka, m'kati mwa nyumba.

Pomanga bwalo lolimba amayamba ndi maziko a simenti kapena a phula, monga la pamseu, nawasalaza bwino-bwino. M'nyumba zimene bwalo liikidwa masiku owerengeka cabe, maziko amakhala a matabwa olumikiza. Pamwamba pace amapaka utoto wokhuthala, naubwereza kangapo, ndipo m'utotomo amasakaniza mcenga wosalala. Cinsinsi conse ciri pa mcengawo. Ukacuruka, bwalo likhala lokhakhala, ligwira ubweya wa mpira, ndipo mpira ucedwa nudumpha m'mwamba. Ukacepa, bwalo likhala loterera ndipo mpira upita ngati mubvi. Cotero eni mpikisano akhoza kusankha okha liwiro la bwalo lao, monga mai asankha kulimba kwa nsima ndi ufa umene athira m'mphika. Bwalo la ku Turin lidziwika kuti ndi laliwiro.

Ubwino wa bwalo lotere ndi wakuti silinama. Pa udzu pamakhala zigamba zoperepeseka, pa dothi pamakhala timaenje ta mapazi, ndipo mpira ukagwapo upatuka. Pa bwalo lolimba mpira udumpha cimodzi-modzi pali ponse. Ndiponso m'nyumba mulibe mphepo yokankha mpira, mulibe dzuwa lothobwa m'maso, mulibe mvula yodula masewera. Wogonja alibe cakunja coti anamizire. Koma kuipa kwace kuliponso. Simenti sifewera munthu. Wosewera akathamanga ndi kuima mwadzidzidzi kwa maora awiri kapena atatu, mphamvu yonse ibwerera m'maondo, m'akakolo ndi m'msana. Ndipo kumbukirani kuti amuna awa amafika mu Novembala atasewera kuyambira Januwale. Mipira nayo isacedwa kutha ubweya: amaisintha atasewera magemu 7 oyamba, ndipo pambuyo pace magemu 9 ali onse.

Kuti mudziwe kuti mtundu wa bwalo ndi kanthu, taonani Rafael Nadal wa ku Spain. Pa dothi la ku Paris anatenga cikho nthawi 14, cinthu cimene sanacitepo munthu wina ali yense. Koma cikho cotseka caka sanacigwire ndi kamodzi komwe. Anafika pa masewera otsiriza kawiri, ku London mu 2010 ndi mu 2013, nagonja kawiri konse.

Njira yofikira kumeneko

Ku mpikisano uno munthu saitanidwa cifukwa ca dzina lace kapena ca dziko lace. Ayenera kudzigulira malo ndi mapointi a caka conse. Awa si mapointi a m'gemu aja ai, koma ena amene bungwe limalembera wosewera monga mwa kutalika kwa ulendo wace pa mpikisano uli wonse. Wotenga cimodzi ca zikho zinai zazikulu alandira mapointi 2,000. Wa mipikisano yotsatira pa ukulu alandira 1,000. Ing'ono-ing'ono ipatsa 500 kapena 250. Akulu anati pang'ono-pang'ono ndi mtolo, ndipo pano ndi momwemo. Pofika kumayambiriro kwa Novembala amaonkhetsa zonse. Asanu ndi awiri oyamba alowa. Malo acisanu ndi citatu ali ndi lamulo lao-lao: ngati alipo wina amene watenga cimodzi ca zikho zinai zija m'cakaco, ndipo ali pakati pa nambala 8 ndi nambala 20, malowo ndi ace. Goran Ivanišević wa ku Croatia analowa motero mu 2001 atapambana ku Wimbledon. Ngati palibe wotere, alowa wa nambala 8. Amatenganso ena awiri okhala pambali, kudikira ngati wina apweteka.

A ku Afirika kuno afikako owerengeka. Kevin Anderson wa ku South Africa anafika pa anai otsala mu 2018. Pa masewera a awiri-awiri, amene amacitika pamodzi ndi enawo, Wayne Black ndi Kevin Ullyett a ku Zimbabwe anafika pa masewera otsiriza ku Houston mu 2004, nagonja kwa mapasa a ku America, Bob ndi Mike Bryan.

Kugwa ndi kudzukanso

M'mipikisano yambiri ya tenisi wogonja kamodzi amanga katundu wace nabwerera kwao. Pano ai. Asanu ndi atatu aja amawagawa m'magulu awiri a anthu anai-anai, ndipo m'gulu ali yense asewera ndi anzace onse atatu. Awiri opambana m'gulu liri lonse apita patsogolo. Woyamba wa gulu ili akomana ndi waciwiri wa gulu linalo, ndipo opambana apo ndiwo alimbirana cikho tsiku lotsiriza. Cotero munthu akhoza kugonja Lolemba natenga cikho pa Sondo.

Zinacitika motero ku Stockholm mu 1975, ndipo zinayamba ndi mkangano. Arthur Ashe wa ku America, munthu wakuda woyamba mwa amuna kutenga cikho ca ku Wimbledon, anali kusewera ndi Ilie Năstase wa ku Romania, katswiri weni-weni koma wokonda zibwana. M'seti yotsiriza Ashe anali patsogolo ndi magemu 4 kwa 1. Năstase anayamba kucedwetsa masewera dala ndi kukangana ndi oonerera. Ashe, amene anali kudziwika ndi kufatsa, anapsya mtima, natola maraketi ace nacoka pabwalo. Woyang'anira anagamula kuti onse awiri alakwa, wina pocedwetsa masewera, mnzace pocoka osatsiriza. M'mawa mwace akulu a mpikisano anakhalanso pansi napatsa Ashe cipambano. Kwina kuli konse Năstase akadakwera ndege tsiku lomwelo. Pano anatsala, napambana masewera ace onse otsatira, ndipo tsiku lotsiriza anagonjetsa Björn Borg pamaso pa anthu a kwao kwa Borg.

Ku Lisbon mu 2000 Gustavo Kuerten wa ku Brazil anagonja kwa Andre Agassi pa masewera ace oyamba. Pakutha pa sabata anagonjetsa Pete Sampras, nakomananso ndi Agassi yemweyo, namgonjetsa. Ndi cikho cimeneco analandiranso ulemu wokhala woyamba pa dziko lonse m'cakaco, umene Marat Safin wa ku Russia anali atatsala pang'ono kuugwira.

Koma lamulo lopatsa munthu mwai waciwiri liri ndi msampha wace. Pa masewera acitatu a m'gulu, nthawi zina wosewera amakhala atadutsa kale, ndipo kupambana kapena kugonja kwace kukhudza munthu wina amene ali kunja kwa bwalo. Apa ndipo pali nkhani ya ku Turin ya caka ca 2023.

Usiku wa Lacinai ku Turin

M'gulu limodzi munali Novak Djokovic wa ku Serbia, wa zaka 36, amene anali atatenga kale cikhoci kasanu ndi kamodzi, kulingana ndi Roger Federer wa ku Switzerland. Munalinso Jannik Sinner, mnyamata wa zaka 22 wocokera ku mapiri a kumpoto kwa Italy, ndiye mwana wa pakhomo. Holger Rune wa ku Denmark. Ndi Stefanos Tsitsipas wa ku Greece.

Tsiku loyamba Sinner anagonjetsa Tsitsipas maseti 2 kwa 0, ndipo Djokovic anagonjetsa Rune 2 kwa 1. Laciwiri Tsitsipas analeka masewera ace ndi Rune atangoyamba, cifukwa ca msana, ndipo mwa lamulo Rune anamlembera 2 kwa 0. Usiku womwewo Sinner analimbana ndi Djokovic maora oposa atatu namgonjetsa 2 kwa 1, kuyamba kumgonjetsa cibadwire. Lacinai masana Djokovic anasewera ndi Hubert Hurkacz wa ku Poland, amene analowa m'malo mwa wodwala uja. Anapambana, koma anataya seti imodzi panjira.

Tsopano tengani pensulo. Kunatsala masewera amodzi, a Sinner ndi Rune usiku. Rune akadapambana, amuna atatu akadalingana, ali yense atapambana kawiri ndi kugonja kamodzi. Zikatero amayang'ana maseti: mwa onse amene munthu wasewera, watengapo gawo lotani? Djokovic anali atasewera maseti 9 natenga 5. Sinner, ngakhale akadagonja osatenga seti ndi imodzi yomwe, akadakhala ndi 4 mwa 7. Rune akadakhala ndi 5 mwa 7, kapena 5 mwa 8. Mukayesa bwino mudzapeza kuti 5 mwa 9 ndiyo yocepa pa zonsezi, ngakhale kusiyana kwace ndi 4 mwa 7 nkwakung'ono ngati njere ya mapira. Tanthauzo lace ndi ili: Sinner anali atadutsa kale asanalowe m'bwalo, ndipo akadagonja usiku umenewo, Djokovic akadapita kwao.

Anthu ambiri anaona zimenezi, ndipo zinakambidwa poyera. Palibe akadatha kumgwira Sinner pa mlandu, pakuti munthu wotopa akamenya mpira kunja kwa mzere, ndani angadziwe za mumtima mwace? Ndiponso anali asanamgonjetsepo Rune ndi kale lonse, kotero kugonja kwace sikukadadabwitsa munthu. Tisaiwale kuti kupambana kunali ndi mphotho yacenso, mapointi 200 ndi ndalama zambiri. Koma mphotho imeneyo inali yaing'ono poilinganiza ndi cikho, ndipo amene anali kuima pakati pa iye ndi cikhoco anali Djokovic.

Sinner anatenga seti yoyamba 6-2. Rune anabweza yaciwiri 7-5. Apa ndipo panali posabvuta kufooka, pakuti usiku unali utapita ndipo patsogolo panali masewera ena olemetsa. Koma analimbikira natenga seti yacitatu 6-4. Rune anatsala, ndipo Djokovic anadutsa ndi dzanja la mnyamata amene anamgonjetsa masiku awiri apitawo.

Loweruka Sinner anagonjetsa Daniil Medvedev, ndipo Djokovic anagonjetsa Carlos Alcaraz wa ku Spain. Pa Sondo, 19 Novembala, awiri aja anakomananso, nyumba itadzaza ndi anthu a ku Italy oimba dzina la mwana wao. Djokovic anasewera ngati munthu amene wapulumuka m'kamwa mwa ng'ona. Anapambana 6-3, 6-3, natenga cikho cacisanu ndi ciwiri, kuposa Federer ndi ena onse.

Ena anati mnyamatayo anapusa. Ife sitibvomereza, pakuti oonerera a Lacinai aja analipira kuti aone masewera oona, ndipo Rune naye anayenera kudutsa ndi mphamvu zace, osati ndi mphatso. Koma tiyeneranso kunena kuti lamulo limene liika munthu pa mayeso otere liri ndi cilema, ndipo ndiwo mtengo umene mpikisanowu ulipira pofuna kuti akatswiri onse aoneke katatu.

Patapita masiku asanu ndi limodzi awiriwa anakomananso ku Málaga m'dziko la Spain, pa mpikisano wa maiko wa Davis Cup. Katatu Djokovic anatsala ndi pointi imodzi kuti apambane, katatu Sinner anaikana, napambana iye. Ndipo m'mawa mwace Italy anatenga cikho cimeneco, cimene anali atacigwira kamodzi kokha, mu 1976. Mu 2024 Sinner anabwerera ku Turin napambana masewera onse asanu osataya seti, nakhala munthu woyamba wa ku Italy kutenga cikho cotseka caka. Mu 2025 anacitenganso, atagonjetsa Alcaraz 7-6, 7-5. Zaka ziwiri zimenezo Djokovic anali ndi mapointi okwana, koma sanasewere cifukwa ca kupweteka m'thupi.

MAFUNSO

1. Kodi mcenga umene athira m'utoto ucita ciani kwa mpira?
2. Nanga ncifukwa ninji Năstase sanabwerere kwao atagonja kwa Ashe?
3. Sandutsani 5/9, 4/7 ndi 5/8 kuti zikhale ndi nambala imodzi pansi, ndipo muziike mu mzere kuyambira yaing'ono.
4. Djokovic akadagonjetsa Hurkacz osataya seti, akadakhala ndi maseti angati mwa angati? Kodi Sinner akadalowa m'bwalo atadutsa kale?
5. M'gulu la anthu anai, ali yense akasewera ndi anzace onse, masewera akhala angati? Nanga mpikisano wonse, kufikira tsiku la cikho?
6. Pitani panja ndi cingwe coyesera, mulembe pansi bwalo la tenisi la anthu awiri, ndi kuika mzere wa ukonde pakati pace.